Khobidi la ku Sisiya

Bambo anga ankasema Dzuwa,
mulungu wa chisoti cha malawi, dzanja lili m'mwamba.
Ine andipatsa zilembo ziwiri za Chigiriki,
china chopingasa, china chopindika mutu ngati ndodo ya mbusa,
akuti ndizipanikize pa mbendera
pakati pa asilikali awiri.
Malo ake ngosakwana njere ya tirigu.

Chidindo timasema motembenuza.
Dzina limene mkazi wanga Surila amatchula atagwada
ine ndimalifika cha kumbuyo,
maso ali psuu, tchizulo chikuterereka ndi thukuta.
Kenako Dasiyo amadzutsa nyundo:
kho! Khristu pa mkuwa.
Kho! wina.
Pofika madzulo madengu asanu ndi awiri,
onse opepuka kuposa a chaka chatha.

Ku msika wa m'mbali mwa Sava
khumi amagula anyezi ndi kansomba kouma.
Ndawaona akuponyedwa pa njuga ya asilikali,
ndawaona m'matope pakhomo la nyumba yosambira.
Surila amatola, napukuta ndi nsonga ya nsalu.
Akuti agogo ake anawadula mtsempha wa mwendo
chifukwa cha zilembo zomwezi.
Lero wokhometsa msonkho amaziluma
kuti amve ngati n'zenizeni.

Bambo anatisiya m'mwezi wa chisanu.
Azakhali a Tita anati munthu sapita chimanjamanja,
wopalasa bwato kutsidyako sadziwa ngongole,
muikeni khobidi m'kamwa.
Ndinakhuthula mtsuko, ndinang'amba pilo,
kufuna limodzi lokha la Dzuwa.
Onse anabwerera kale ku ng'anjo.
Ndinawasungunula ndine.

Ndiye ndinatenga langa,
lija ndinaphonya pang'ono, mbendera yopendekeka,
n'kuliika pa lilime louma
la munthu amene sanalitchulepo dzinalo.
Azakhali anayang'ana kukhoma.
Surila anatsegula pakamwa, natsekanso.

Usiku ndimaganiza za mkulu wa bwato uja,
akulitembenuza pa chikhatho, kuliyandikiza ku nyali.
Nkhope ya mfumu aidziwa, mafumu amawoloka tsiku ndi tsiku.
Nanga kuseriku?
Mwina aloza bambo kuti akhale pansi.
Mwina awasiya pagombe,
akuyamwa mkuwa, kudikira mwini zilembo.

Kwacha. Mvukuto wayamba kupuma.
Kapitawo akuti chidindo chadzulo chang'aluka,
ndiseme china dzuwa lisanafike pamutu.