Moto Wosasiya Phulusa

Zaka khumi ndi zinayi ndinakumba malasha ku Mowatize,
ndipo ndinabwera nawo kuno ku Zobwe,
osati m'thumba ayi, m'chifuwa.
Ndikayamba kutsokomola m'bandakucha
Feliziyana amatembenukira kukhoma
n'kumawerenga chamumtima.

Kuseri kwa dimba lathu kuli mawira,
pamene nthaka imapuma nthunzi yonunkha dzira lovunda.
Timasosolerapo nkhuku.
Amayi amaviikamo zovala za ana a mphere.
Mu Juni, chisanu chikamaluma zala,
mbuzi zimagona pamiyala yake,
ndipo palibe anafunsapo kuti amasonkhezera ndani.

Dzulo kunabwera Anatoliya, mwana wa mlongo wanga,
uja anapita ku Beira ndi katundu wa m'katoni
nabwerako ndi chisoti choyera ndi kachitsulo koyezera.
Anagwada, nakaviika, nalemba manambala m'kabuku,
magalasi ake atachita nkhungu.

"Malume," anatero, "pansi pathupa pali ng'anjo
yomwe inayaka dziko lisanakhale ndi dzina.
Mvula imalowa m'ming'alu, imatsika, imatsikabe,
ikakhudza thanthwe lotentha imabwerera chothamanga.
Titaboola mozama, nthunzi ingazunguze makina,
makinawo n'kubala magetsi,
madzi otsala n'kuwabwezera pansi
kuti akaothenso."

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandidula.
Za kukumba usandiphunzitse, mwana iwe.
Dzenje ndinaliona likumeza phiri,
likumeza manda, likusamutsa mudzi;
sitima inanyamula zonse kupita nazo kudoko,
ife n'kutsala ndi fumbi pamasamba a nkhwani.
Taona mawaya awo adutsa pamwamba pa denga langa,
akulira usiku wonse ngati njuchi zosokera,
paulendo wopita kwa eni ndalama.
Pansi pake mdzukulu wanga amawerengera tochi ya foni
yotchajitsa mametikali khumi kumsika.

Sananditsutse.
Anapukuta magalasi ndi mpendero wa malaya.
"Mwina sipotentha mokwanira. Anene ndi manambala.
Mwina tidzangoumitsira chimanga ndi tomato,
kapena kufunditsa chipinda chochiliramo amayi kuchipatala.
Babu sindikulonjeza.
Koma moto uwu sukwera sitima, malume.
Ngakhale atafuna, sangausenze.
Ndipo susiya phulusa."

Anakwera shapa ya madzulo.

Usiku tulo tinandikana.
Ndinamanga mazira awiri m'sokosi yakale ya kumgodi,
ndinadutsa m'mizere ya kabichi, mame akundinyowetsa akakolo,
n'kukawatsitsa ndi luzi pamene pamabwadamuka kwambiri.
Podikira ndinagoneka chikhatho pamwala.
Unali wofunda ngati nthiti za ng'ombe yogona.

Zaka zonse zija ndinkang'amba nthaka
kufunafuna moto wa mitengo yofa kalekale,
chonsecho wamoyo unali kuseri kwa dimba
ukufunditsa mbuzi zanga, osalipiritsa.
Kaya adzabwera ndi mipope, kaya sadzabwera.
Akadzabwera ndidzawafunsa kaye
kuti nyale yoyamba idzayaka m'nyumba ya yani.

Nthunzi inalowa m'chifuwa
n'kumasulamo mfundo imodzi, imodzi yokha.
Dzira loyamba ndinasendera pomwepo, likundiotcha zala,
ndinadya lopanda mchere, mawaya akulirabe m'mwamba.
Linalo ndinalifumbata mpaka kunyumba.
Feliziyana sanafunse kumene ndinali.
Analilandira mumdima,
naligunditsa kaye patsaya lake
asanaliswe.