Lole ya Malemu m'Buku la Tinyade

Tinyade wabwera ndi buku lake lachikuto chofiira,
wakhala pa thumba la kachewere, nsapato wavula,
nkhungu ya ku Tsangano ikadali m'tsitsi mwake.
Akuti, Azakhali, dizilo ndalemba, matayala ndalemba,
malipiro a Layisoni ndalembanso,
izo zimathera chaka chomwecho ngati mchere m'ndiwo.
Koma lole ayi.
Lole a msonkho salola kuti muichotse yonse pakamodzi,
imadyedwa ngati nzimbe, mfundo imodzi pachaka.

Ndinamuuza kale, chaka choyamba chija,
kuti ndalama ife tinapereka tsiku limodzi.
A Ngozo anazikulunga m'thumba la feteleza
napita nazo ku Lilongwe atazikhalira m'basi,
nabwera usiku akuliza hutala
kuyambira pamphambano mpaka pakhomo pano,
agalu a mudzi wonse ali pambuyo.
Zinachoka zonse, ngakhale ya sopo sinatsale.
Tinyade anangoseka, nanola pensulo.

Lamulo lake n'lotere, monga ndalimvera ine:
chaka chino udula gawo pa mtengo wa lole,
chaka chamawa udula gawo pa chotsalacho,
kenako gawo pa chotsala cha chotsala.
Phindu lokhomerapo msonkho limatsikako pang'ono,
lole ya m'buku nayo imawonda,
koma siitheratu.
Ili ngati sopo wa m'nyumba ya ana ambiri,
kachidutswa kamatsalabe pamwala.

Ya panjayi ili ndi ukalamba wakewake.
Dzinja lina msewu unathyola masipuling'i onse
pa chitunda chofiira chija,
buku silinamve kanthu.
Chaka china sinatsokomole n'kamodzi komwe,
buku linaidulabe mfundo yake.
Chitseko chakumanzere timamanga ndi waya,
galasi lili ndi mng'alu wonga mphezi,
koma ikamva fungo la msika wa Lizulu
imakwera mtunda ngati mwana wa mbuzi.

A Ngozo anapita chaka chachitatu.
Ndayang'ana tsamba la chaka chimenecho,
manambala ali bwinobwino m'mizere yawo.
Iwo sanachotsedwe gawo ndi gawo.
Anachoka onse, Lachiwiri m'mawa,
jekete lawo lili pampando wa dalaivala,
m'thumba muli lisiti la oyilo ndi mtedza wowerengeka.
Chisoni ndicho chatsata lamulo la a msonkho:
chaka chilichonse chimadukako gawo,
chotsala chimatsalabe.

Tsopano Chimpeni wa pa Lizulu akuifuna lole.
Wabwera kawiri, wamenya matayala ndi phazi,
watchula mtengo wondiyimitsa mtima.
Tinyade akuti, Dekhani, Azakhali.
Mukaigulitsa kuposa pamene yafika m'bukumu,
a msonkho adzati tinakuchotserani zambiri,
loleyo sinakalambe monga tinkaganizira,
bwezani pa kusiyanako.

Ndiye kusamala kwangaku ndi mlandu?
Oyilo amene ndinathira pa nthawi yake,
lona amene ndinaifunditsa m'chisanu cha Juni
ine ndikugona ndi bulangete limodzi?
Akuti si mlandu, Azakhali, ndi masamu chabe.
Mwana ameneyu ndinamusambitsa ine m'beseni,
lero akundiuza za masamu chabe.

Wandipatsa cholembera, wandilozera pamzere.
Ndasaina pang'onopang'ono, Nangondo,
n yomaliza yapendekeka ngati khasu lotha.
Mawondo angawa, ndafunsa, alibe tsamba lawo?
Zaka makumi awiri ndikunyamula matumba.
Watsegula kumapeto kwa buku, wawerenga ndi chala,
akuti munthu salembedwa pa katundu.

Chimpeni adikire.
Mawa folo koloko Layisoni agogoda pazenera,
matumba makumi asanu ndi limodzi akudikira m'khonde,
ndipo batire ikakana monga dzana,
Tinyade, usathawire m'buku,
udzatithandiza kukankha.