Machesi a Bambo

Chaka chino kwathu ku Sangrur sitinaotche.
Mpunga tinakolola Lachiwiri,
ziputu zinatsala chiimire, zolekeza m'mawondo,
ndipo bambo anga a Nachhattar
ankazungulira m'malire, nduwira itapendekeka,
dzanja m'thumba, akugwedeza bokosi la machesi.

Makina tinabwereka ku kopaletivi, masiku awiri okha,
poti Jagsir wa kutsidya kwa ngalande akuwafuna Lachisanu.
Kusanache ndinali chagada pansi pake,
sipanala kukamwa, girizi mpaka m'zigongono,
kuwerenga mipeni: isanu ndi inayi, umodzi wobuntha,
bawuti ina yodyeka.
Kutsogolo zomwetera mapesi,
kumbuyo timapaipi totsitsa tirigu ndi feteleza,
pakati mano ong'amba nthaka
kamzere kosaposa chala changa chaching'ono.
Basi. Kulima kwake n'komweko.

"Agogo ako ankagalauza kasanu
mpaka dothi lisalale ngati ufa wa chapati.
Iwe ukubisa mbewu m'zinyalala.
Ukulimira mbewa."

Sindinayankhe.
M'nyumba Paramjot wanga anali kutsokomola
chifuwa chija chobwera ndi Novembala,
pamene dzuwa limafiira masanasana
minda ikamayaka kuchokera kuno mpaka ku Barnala,
mayi ake n'kumatseka mazenera ndi nsanza zonyowa.

Thirakitala inakwawa pa giya yachiwiri.
Kawiri mapesi a mame anatsamwitsa makina;
ndinatsika, kusolola ndi manja, kutukwana chamumtima,
bambo ali chilili, osaseka, osathandiza.
Mawa lake dzuwa lisanapendeke maekala onse anatha,
dizilo atatsala theka la thanki,
zomwe sizinachitikepo pakhomo pano.
Koma mundawo kuuona, manyazi!
Mutu wosapesa.
A njinga zamoto ankachepetsa liwiro pamsewu,
kuyang'ana, kupukusa mitu, n'kumapita.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, nkhungu ili mbuu,
ndinawapeza atagwada pakati pa munda,
mawondo omwe aja amadandaula nawo usiku,
akupatula mapesi ndi zala
ngati wofufuza nsabwe m'tsitsi la mwana.
Pansipo dothi linali lakuda, lozizira, lachinyontho,
tirigu atatulutsa timasingano tobiriwira,
ndi nyongolotsi imodzi yonenepa
ikuthawa kuwala.
Anaitola, anaiika pachikhatho, kwa nthawi ndithu.
"Izi ndinaziona komaliza ndevu zanga zili zakuda."

Sanapepese. Kupepesa sakudziwa.
Anangoti mzere wachitatu ndinaukhotetsa,
chaka chamawa ndidzagwire chiwongolero ngati munthu,
ndipo ndikauze a kopaletivi anole mpeni uja
asanaupatse mwana wa mwini.

Kummawa utsi wa anzathu unali kukwerabe.
Paramjot anatsokomola usiku umenewonso.

Machesi aja ndinawapeza pa alumali kukhitchini,
pakati pa shuga ndi masamba a tiyi,
mayi atayatsira kale mbaula.