Ngongole ya Yotamu

Ine mpira ndimauwerenga kunsi kwa nsapato.
Zaka makumi atatu ndili pa kabenchi aka ku Zigwagwa,
ulusi m'mano, guluu m'zikhadabo,
ndipo Yotamu Chavula ndinamudziwa ndevu zisanamere.

Anafika m'mawa wina wa Juni, nkhungu itameza Chiputula,
atafumbata jumbo, m'jumbomo nsapato za mkulu wake,
zazikulu, kuzala atafutsako nyuzi.
Yakumanja inali bwinobwino.
Yakumanzere inali itayasama kukamwa.
Ndinati, mwanawe, phazi ili limadya chiyani?
Anati, limadya magoloboyi.
Sanalipire. Ati adzandiona akadzatchuka.

Kutchuka anatchukadi.
Loweruka lililonse kusitediyamu, mawawa ali waa,
ankadyetsa njomba amuna amindevu,
kuwasiya atakhala pansi m'matope
ngati akudikira maliro.
Lolemba nsapato ija inkabwera kwa ine itang'ambika pomwepo,
pamwamba pa chala chachikulu,
ndipo ndinkasoka chigoli chimene mzinda wonse unali kukamba.

Kenaka Blantyre inamugula. Kenaka Joni.
Zaka zisanu ndi zitatu ndinkangomumvera pa wailesi,
mabatire akatha ndinkafunsa anyamata a kabaza.
Kumeneko, akuti, nsapato ikatha amataya.

Anabwerako akukoka mwendo.
Bondo lamanzere lija, madokotala atalitsegula kawiri.
Anandipatsa nsapato zachikopa, zopitira kutchalitchi,
chidendene chimodzi chitadyeka cham'mbali.
Sindinafunse kanthu. Chidendene chinanena zonse.

Atamupatsa timu, anagula wenzulo ndi kope.
Chaka choyamba anatenga chikho,
anthu anamunyamula kuchoka Katoto mpaka Luwinga.
Chaka chachitatu anagonja kasanu kotsatizana,
ndipo omwe aja, mapewa omwe aja,
anamudikira pageti ndi miyala m'matumba.
Kalata yomuchotsa anaiwerengera pano,
nkuipinda kanayi,
nkuitsekera pabowo la nsapato yake kuti madzi asalowe.

Masiku ano ali pabwalo lafumbi ku Mchengautuwa,
pomwe zigoli ndi mitengo ya bulugamu
ndipo mbuzi zimachoka zikafuna zokha.
Ana makumi awiri, mipira itatu.
Sakuwa. Amaima manja kumbuyo,
mwana akaphonya amangoti, bwereza,
mwana akagoletsa amatinso, bwereza.
Mpira ukagubudukira kwa iye amauimitsa ndi phazi lamanja,
lamanzere limangoyang'ana.

Lachisanu lapitali wabwera ndi thumba la feteleza
lodzaza nsapato za ana, zina zopanda zinzake.
Takhuthula pansi, tikusankha zoti zingachire.
Mwadzidzidzi waima, wanyamula imodzi,
yakumanzere, yoyasama pamwamba pa chala chachikulu.
Waiyang'ana nthawi yaitali.

Ya Wanangwa iyi, watero. Ali fomu wanu.
Amayi ake amagulitsa nthochi ku depoti.
Muisoke kawiri, ulusi wake wolimba uja.

Ndati, nanga ndalama?
Wati, adzakuonani akadzatchuka.

Ndalavula ulusi, ndaseka mpaka kutsokomola.
Ndatsegula kabuku kanga kangongole,
tsamba loyamba lija lachita chikasu,
pamene dzina lake likadali losafufutidwa.
Pansi pake ndalemba la mwanayo,
ndanyowetsa ulusi ndi malovu,
ndayamba kusoka.