Dzina Lodyedwa ndi Chiswe

Ku boma la Mchinji, m'chipinda chonunkha mileme,
kalaliki wanditsegulira kaundula wa masiku a Foti Maningi.
Chiswe chinayamba ndicho kuwerenga.
Chinadya chaka chimene anafika,
chinadya theka la dzina lake,
n'kundisiyira Rennie, ndi liwu limodzi: Sikotilandi.

Kwathu ankamutcha Chimbalame,
ati poti ankaimba mluzu akamayeza fodya.
Amalume a Lufeyo akuti bodza,
inali mphuno ija.
Azakhali akuti sanali bwana n'komwe,
anali wolemba manambala pa sikelo ya eni ake,
wodwaladwala malungo,
wosatha kudya therere osadetsa malaya.

Ndawoloka Bua kukaona pamene panali esiteti.
Njerwa za balani anthu anazola kale,
anamangira khola la nkhumba.
Mango amene akuti anabzala akubalabe.
Ana samudziwa, amangogenda.

M'sutikesi ya amayi muli zinthu zitatu:
supuni yakuda, batani lamkuwa,
ndi kalata ya mlongo wake
yofunsa ngati adzafika nyengo yokumba mbatata isanathe.
Simutchula Nasimango,
amene anamubalira ana awiri.
Kodi anawauza kwawo?
Kapena tinali chinsinsi
chopindidwa pakati pa malisiti?

Ena akuti anakwera sitima, ulendo wosatembenuka.
Ena akuti agona pansi pa mulu wa miyala kuseri kwa phiri,
anatsirizika mkodzo utada ngati makala.
Ndinakaima pamenepo ndi mafunso anga onse.
Ndinapezapo gulo yekha,
akugwedeza mutu,
kuvomera chilichonse chimene ndinafunsa.

Ife mtundu timawerengera kuchikazi.
Pa mbumba ya Nasimango
iye anali mkamwini chabe,
wochokera kutali kuposa akamwini onse,
wosalimako ndi mzere umodzi womwe m'munda wa apongozi.
Ndinatseka kope langa,
ndati basi, apite.

Koma dzulo pakhonde,
ndikuluka mwana wanga tsitsi,
dzuwa linagwera paliwombo pake
ndipo ndinakuona kufiira kuja,
kwa dothi la katondo mvula itangokata.
Ndinasiya chipeso m'malere.
Iye, wosadziwa kanthu,
maso ali pa nkhuku,
anayamba kuimba mluzu.