Kusaka Custódio

Kosungira mabuku akale ku Mariana
andiveka magolovesi oyera
ngati ndikukasambitsa maliro.

Buku la ubatizo, 1781:
Custódio, mwana wa Quitéria, kapolo.
Pofunika dzina la atate ake
wansembe anasiya mpata,
njenjete n'kudzaukulitsa.

Kaundula wa asilikali ndiye amamudziwa:
wamtali, chipsera pachibwano,
anathawa kawiri.
Ndadzigwira chibwano.

Za malo ndafufuza masiku atatu.
Ndamupeza, koma si mwini,
ali pamndandanda wa katundu wa Valadares,
pakati pa abulu asanu ndi mphika wamkuwa.

Mlonda akugwedeza makiyi.
Dikirani pang'ono, bambo.
Pepala lomaliza likuti anagula kamunda kudambo,
nasaina ndi kamtanda kopendekera.

Ndavula golovesi mobisa,
ndaikapo chala.