Makiyi Khumi ndi Awiri

Makiyi ali ndi ine,
khumi ndi awiri pa waya umodzi.
Amalira m'thumba la jekete ndikamazungulira mpanda,
agalu a ku Matawale anawazolowera,
sauwanso.

Nyumbazi anamanga ndi a boma.
Malata obiriwira, mawindo a magalasi,
mpopi pakhonde wodikira madzi.
Chikwangwani chinkati ndi za anthu opeza zochepa,
koma dzuwa ladya zilembo,
patsala mawu oti zochepa.

Dzinja lachitatu lino tikudikira wodzadula riboni.
Poyamba anati bwana wadwala.
Kenako, kontirakitala sanalandire zake.
Pano akuti mndandanda wa maina uli ku Lilongwe,
akuwuunika.
Mavu sanadikire.
Amanga zawo pansi pa denga la nambala seveni
opanda fomu, opanda chidindo.

Ine fomu ndinalemba.
Esinala anagulitsa abakha awiri
kuti tijambulitse zithunzi.
Ku ofesi ija ya njerwa zofiira, yosiya atsamunda,
kalaliki anafunsa:
A Chimenya, malipiro anu amadzera kubanki?
Ndinati amadzera m'manja mwa kapitawo.
Nanga chikole?
Ndinati njinga ilipo, ingosowa tcheni.
Sanaseke, mwana woleredwa bwino.
Anangolemba nambala yaitali ngati ya foni
nati ndizimvera wailesi.
Pepalalo lili m'pulasitiki ya shuga,
limagona m'Baibulo, pa Masalimo.

Ku Chikanda a Makwinja anatichotsa mu Okutobala.
Sanakalipe ayi, anabwera ndi moni.
Anati ana a kukoleji amalowa anayi m'chipinda,
aliyense ndi lendi yake,
inu mumalowa asanu ndi lendi imodzi.
Masamuwo ndinawamva.
Tinasenza katundu masana, anthu akuona
miyendo ya bedi, ndowa yobooka.

Tinakaumba zidina m'mbali mwa Likangala.
Sabata isanathe a khonsolo anafika ndi penti yofiira,
mtanda pakhoma:
pano ndi njira ya madzi, samukani.
Tipite kuti?
Anati boma lili ndi ndondomeko.
Ndinafuna kuwauza kuti ndondomekoyo ndimaidziwa,
ndimailondera usiku uliwonse ndi chibonga.

Lachiwiri lapitali phiri linavala mtambo wakuda
kuyambira masana.
Cha m'ma thu koloko usiku, kugeti, go go go.
Esinala, chitenje chitamatirira m'thupi,
Mwayiwawo kumsana akutsokomola,
awiri enawo atagwirana manja,
wamkulu atasenza wailesi ija.
Khoma lagwa, anatero. Basi.

Ndinayang'ana kumsewu, kunalibe munthu.
Kiyi wa nambala folo anakana, dzimbiri,
ndinamudontheza palafini wa mu nyali.
Chitseko chinalira ngati chikundineneza.

M'katimo munkanunkha penti ndi simenti.
Anagona pansi, pa jekete langa.
Mvula pa malata a boma imalira mosiyana,
imagwa kunja kokha.
Wamng'ono anafunsa, kuno ndi kwathu?
Ndinati gona.
Esinala sanagone.
Ankangoyenda chipinda ndi chipinda mu mdima,
dzanja likusisita khoma,
ndinamumva akuwerenga mawindo monong'ona.

Asanaitane a kumzikiti ndinawadzutsa.
Ndinakolopa matope, mapazi aang'ono ndi aakulu,
ndinatola ulusi wa chitenje pa chitseko.
Pa galasi lafumbi mwana anajambula ndi chala
kanyumba, utsi ukutuluka pamwamba.
Ndinakweza nsanza.
Ndinaitsitsa.

M'buku la malipoti ndinalemba monga mwa masiku onse:
Usiku wadutsa bwino, palibe chachilendo,
nyumba zonse zili zotseka.

Iwo ali kusukulu ya pulaimale tsopano,
m'kalasi limodzi ndi mabanja asanu ndi anayi,
akuti kubwera matenti, akuti alembanso maina.
Ine ndabwerera pa ntchito.
Makiyi akadali khumi ndi awiri,
koma mmodzi, ndikamuyesa,
amatembenuka mosavuta.